Bilu Yomwe Bambo Wiersma Sanaifikitse

Amene tawagoneka apawa ndi Bambo Loren Gerrit Wiersma. Anabadwa pa 9 Novembala 1956 pa famu ya makolo awo, kumpoto kwa tauni yathu ino ya New Harlingen, kuno ku Iowa. Anali achitatu mwa ana asanu a malemu Bambo Gerrit ndi Mayi Tena Wiersma.

Ine ndine Darla Rozeboom. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya sukulu yathu ya Chikhristu, ndipo kwa zaka 19 ndakhala mlembi wa Nyumba ya Malamulo ya ana imene malemuwa anayambitsa. Si ine wachibale. Andipempha kuwerenga ndi akazi awo, Mayi Marlys Wiersma, chifukwa malemu anatchula dzina langa. Ndinakana kawiri. Chifukwa chake mukuchidziwa nonse. Ndine mayi wa Tessa, amene anachotsedwa sukulu mu Januwale chifukwa ndi woyembekezera, ndipo nkhani yakeyo ndi imene inali m'manja mwa malemuwa pamene ankatisiya. Tessa akapanda kubwerera m'kalasi pofika Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka, masiku ake sakwana, ndipo sukulu samaliza. Sindingawerenge mbiri ya bambowa n'kulumpha pamenepo. Ndaneneratu kuti wina asadzidzimuke ndikafikapo. Tessa wakhala kumbuyo uko ndi bambo ake. Anafuna yekha kubwera. Musacheuke.

Malemu anayamba sukulu mu 1962 pa pulayimale ya Chikhristu ya konkuno, ndipo sekondale anaphunzira pa sukulu yomwe pambuyo pake anadzaphunzitsapo. M'mawa uliwonse ankayamba adyetsa nkhumba za bambo awo asanakwere basi. Bambo awo ankafuna kuwasiyira famu. Iwo anakana, anapita ku koleji ya mpingo, ndipo anamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1978. Ankakonda kunena kuti anathawa nkhumba poganiza kuti ana amamva msanga, koma sabata yoyamba m'kalasi inawaonetsa kuti nkhumba zija anazilakwira.

Mu Juni 1979 anakwatira Marlys Bonnema m'tchalitchi muno. Mulungu anawapatsa ana atatu. Akhala zaka 44 m'nyumba imodzi yomweyo ya kuseri kwa positi ofesi. Mayi Wiersma akuti m'zaka zonsezo anawina mkangano kamodzi kokha, wa galu. Galuyo anagona m'nyumba zaka khumi ndi ziwiri, ndipo amene ankamudyetsa ndi omwe ankamukana aja.

Ntchito anayamba mu Ogasiti 1978. Ankaphunzitsa mbiri ya dziko ndi za kayendetsedwe ka boma, ndipo sanasinthe sukulu mpaka imfa. Mu 1985 anatenga kalasi yawo kupita nayo ku Des Moines kukaona Nyumba ya Malamulo yeniyeni. Ana anakhala pa mipando ya alendo n'kugona. Chaka chomwecho malemu anakankhira madesiki m'holo ya masewera n'kuyambitsa Nyumba yawoyawo.

Ambiri muno munadutsamo, koma pali alendo. Sabata yoyamba yathunthu ya Febuluwale, ana a makalasi awiri omaliza amasanduka aphungu kwa masiku asanu. Amasankha Sipikala pakati pawo. Aliyense amalemba bilu, kutanthauza lamulo limene akufuna kuti likhazikitsidwe, ndipo liyenera kukhudza moyo wa pasukulu. Bilu imapita ku komiti, imawerengedwa katatu, amaikambirana, kenako amavota. Tsiku lililonse limayamba ndi pemphero. Palibe wolankhula atakhala pansi, palibe wolankhula asanatchule dzina lake, ndipo mnzako umamutchula kuti wolemekezeka ngakhale pamene ukumuuza kuti nsapato zake zikununkha khola. Mlembi ndine. Malemu anali Gavanala. Bilu ikadutsa, iwo anali ndi masiku asanu oti aisaine kapena aikane, ndipo akaikana ankalemba zifukwa kuti mlembi awerengere Nyumba.

Chimene chinkasiyanitsa Nyumba imeneyi ndi sewero ndi ichi: bilu iliyonse imene asaina ankainyamula okha kupita nayo ku msonkhano wa bodi ya sukulu wa mu Malichi. M'zaka zonsezi bodi sinakanepo ngakhale imodzi. Mphindi khumi zowonjezera pa nthawi ya nkhomaliro zinachokera kumeneko. Njira ya njinga za olumala pa khomo la kum'mawa inachokera kumeneko. Zopusa ankazipha okha zisanafike kutali. Bilu yothetsa ntchito yokalembera kunyumba inkabwera chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse ankaikana ndi mawu amodzimodzi: "Nyumba yaonetsa mgwirizano wosowa. Ayi."

Sanali munthu wophweka kugwira naye ntchito. Ndinena zimenezi chifukwa akanandidzudzula ndikanawakometsera. Pepala likakhala ndi tsiku lolakwika ankalibweza osanena pomwe palakwika. Ana anga anayi onse anadutsa m'manja mwawo, ndipo onse analirapo. Onse amadziwanso kuwerenga pepala asanasaine.

Mu mpingo uno anabatizidwa ali khanda, analowa chikhristu mu 1974, anakhala mtumiki zaka zitatu ndi mkulu wa mpingo maulendo anayi. Anaphunzitsa kalasi ya achinyamata Lachitatu lililonse kwa zaka makumi awiri. Ankakhala pa benchi yachinayi kumanzere, ndipo ulaliki ukapitirira theka la ola ankayendetsa timaswiti toyera mumzere wonse, abusa akuona. Mu 1991 bodi inawaika mu komiti yokonzanso buku la malamulo a sukulu. Lamulo 14 la m'bukumo limati mtsikana woyembekezera achoke pasukulu tsiku lomwe zadziwika, ndipo asabwerere chaka chimenecho. Analemba ndi iwowo.

Tsopano ndafika pa chaka chino.

Mu Disembala wapitayu madokotala anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Malemu anauza akazi awo ndi ana awo okha. Ife tinkangoona kuti jekete yawakulira.

Pa 22 Januwale ahedi anandiitana mu ofesi mwawo, mapazi khumi kuchokera pa tebulo langa, n'kundiwerengera lamulo 14. Kalata yochotsa mwana wanga ndinataipa ndine, chifukwa makalata onse ndimataipa ndine. Mnyamata wake si wa pasukulu pathu, ndipo dzina lake si la pamaliro pano.

Nyumba itakhala mu Febuluwale, Brielle Kooima, mdzukulu wa Bambo Duane Kooima amene ndi wapampando wa bodi, anabweretsa bilu nambala 9. Inali ya mzere umodzi: Tessa Rozeboom abwerere kusukulu. Ine sindinamutume. Ndinaiona koyamba ili pa mulu wa zotaipa. Anaikambirana masiku awiri, ndipo zonse ndinazilemba ndi dzanja langa, zabwino ndi zoipa zomwe. Mnyamata wina anaimirira n'kunena kuti, "Olemekezeka, tikalola zimenezi ndiye kuti tchimo talipatsa desiki." Brielle anamuyankha kuti, "Wolemekezeka wa kumadzuloyo asade nkhawa, tchimo lili nayo kale desiki. Lakhala pafupi ndi ine chaka chonse likukopera masamu anga." Sipikala anamenya tebulo mpaka dzanja linamupweteka. Malemu anakhala pakona, manja pachifuwa, nkhope yosaonetsa maganizo awo. Lachisanu anavota: ovomera 33, okana 29.

Apa ndi pamene ana analakwitsa, ndipo ndi kulakwitsa kumene tinawaphunzitsa tokha. Popeza bodi inali isanakanepo kanthu, iwo ankaona ngati mavoti akawerengedwa nkhani yatha. Lolemba m'mawa magalimoto asanu ndi limodzi anaima pakhomo pathu. Ine ndinali nditapita kale kuntchito. Anamuuza Tessa kuti lamulo ladutsa, avale. Mwanayo anavala, anatenga mabuku ake. Ndinawaona pa windo la ofesi akutsika m'chipale chofewa, anzake atamuzungulira. Ahedi anaima pakhomo n'kunena kuti, "Tessa, mwana wanga, sindingakulowetse." Anabwerera yekha kugalimoto sukulu yonse ikuyang'ana. Ine ndinali kuseri kwa galasi, foni ili kukhutu, ndikulemba dzina la mwana wa munthu wina amene wadwala chimfine.

Malemu anatuluka opanda chipewa n'kufunsa ana aja kuti, "Ndinakuphunzitsani kuti bilu imasanduka lamulo liti?" Anapitiriza kuti, "Ndiye mwamuyendetsa mnzanu pachabe. Lowani."

Lachitatu anaikana biluyo. Zifukwa anandipatsa mu envelopu kuti ndiwerengere Nyumba, monga mwa nthawi zonse. Ndinaimirira pamaso pa ana 62 n'kuwerenga kuti lamulo lotchula munthu mmodzi ndi dzina si lamulo, ndi kukondera, ndipo Gavanala sasaina kukondera. Mawu sanandithere. Ndinamaliza, ndinalemba nthawi m'buku, kenako ndinawatsatira m'kalasi mwawo n'kutseka chitseko.

Ndinati, "A Wiersma, mwandiwerengetsa ine zimenezi? Panalibe wina?"

Anati, "Mlembi ndinu, Darla."

"Ndine mayi akenso."

"Ndikudziwa. Khalani pansi."

"Sindikhala. Mwana wanga akusanza yekha kunyumba, inu mukuphunzitsira anzake kalembedwe ka malamulo pamsana pake."

Anati, "Ndikapita nayo imeneyi ku bodi, Duane akandithokoza chifukwa cha mtima wabwino wa ana, n'kuiika m'kabati. Tinene kuti ailola. Chaka chamawa kubwera mtsikana wina wopanda anzake 33. Ameneyo adzalowera kuti?"

Ndinati, "Ameneyo si wanga." Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinatero.

Milungu iwiri sindinawalankhule. Makalata awo ndinkangowasiya pa tebulo. Tsiku lina ndinawaona atatsamira khoma pa masitepe, akupuma movutika, ndipo ndinadutsa. Zimenezo ndidzazinyamula ndekha, sindikupempha wina kuti andipepese.

Pa 26 Febuluwale anagwa m'kalasi ndipo anawatengera kuchipatala ku Sioux Falls. Ndi pamene tonse tinamva za khansa ija. Masiku a Nyumba anali atatha, koma ana anafufuza m'kabuku ka ndondomeko kamene malemu analemba, n'kupeza kuti aphungu awiri mwa atatu aliwonse akasaina, Sipikala amaitanitsa Nyumba mwapadera. Anasaina. Anakumana pa nthawi ya nkhomaliro masiku atatu, mbale zili pamiyendo. Analemba bilu nambala 31. Ilibe dzina la munthu. Ikunena kuti wophunzira aliyense woyembekezera mwana, mtsikana kapena mnyamata, apitirize maphunziro ake pasukulu pano, ndipo makolo ake, abusa ake ndi ahedi akhale naye pansi mwezi uliwonse. Mnyamata wa desiki uja ndi amene anawonjezera mawu akuti "kapena mnyamata". Anati ngati ndi tchimo, si la munthu mmodzi. Inadutsa ndi mavoti 47, okana 15.

Gavanala anali kuchipatala, ndipo wopititsa bilu kwa Gavanala ndi mlembi. Lachisanu pa 1 Malichi ndinapempha kuweruka masana n'kuyendetsa galimoto kupita kumeneko. Ndinawapeza atachepa kwambiri, maso achikasu, Mayi Wiersma ali pambali.

Malemu anati, "Mwabwera ndi maluwa kapena ntchito?"

Ndinati, "Ntchito."

"Bola. Maluwa andikwana, chipinda chikununkhira ngati ndapita kale."

Anaiwerenga kawiri, chala chikutsata mizere. Anafunsa ngati inawerengedwa katatu. Ndinati katatu. Anafunsa ngati aphungu anakwana. Ndinati onse 62, ndi achimfine omwe. Anafunsa amene anaikamo mnyamata, ndipo nditamutchula anaseka mpaka kutsokomola. Mayi Wiersma anawagwirira pepala pa thireyi ya chakudya. Malemu anasaina, analemba tsiku, tsikulo analiyang'ananso.

Kenako anati, "Lamulo 14 ndinalilembera pa tebulo la kukhitchini kwathu. Ndinkati ndikuteteza ana. Atsikana asanu ndi awiri apita nalo, mayina awo ndikuwadziwa. Mnyamata palibe ndi mmodzi yemwe." Sanapepese. Sanali munthu wopepesa ndi pakamwa. Anangoti ndiuze a Kooima kuti aike nkhaniyi pa ndandanda wa msonkhano wa pa 19 Malichi, ndipo adzabwera nayo okha ngakhale pa njinga ya odwala.

Ndili pachitseko anati, "Darla, Tessa akuwerenga?"

Ndinati akuwerenga.

"Muuzeni mutu 12 ubwera pa mayeso."

Anawatulutsa pa 8 Malichi kuti akakhale kunyumba. Masiku awiri oyamba ankayeseza kuimirira atagwira mpando, akuwerenga okha mphindi, chifukwa ankati pamaso pa bodi salankhula atakhala. Kenako miyendo inakana. Anamwalira Lachinayi pa 14 Malichi 2024, nthawi ili cha m'ma 10 m'mawa, akazi awo ndi ana awo onse atatu ali pomwepo. Anali ndi zaka 67. Msonkhano wa bodi uja ndi mawa.

Loweruka Bambo Kooima anandiimbira foni. Mwakhala pa mzere wachiwiri, bambo, ndipo ndinena zimene munanena, osawonjezera. Munati, "Darla, pepani ndi malirowa. Nkhani ija taichotsa pa ndandanda. Bilu ya ana imabwera ndi Gavanala, ndipo Gavanala kulibe. Tidzaiona mu Seputembala mitima ikakhala pansi." Ndinati mu Seputembala mwana adzakhala atabadwa, anzake a Tessa atalandira kale masatifiketi. Munati, "Ndondomeko ndi ndondomeko. Loren yemweyo akanatero."

Simunaname. Akanaterodi. Ndinakhala pansi n'kuvomera kuti munthu amene anandiwerengetsa ine kalata yokana mwana wanga sakanathyola ndondomeko chifukwa cha maliro ake. Koma akanatsegula buku. Choncho ndinatsegula buku.

Sukuluyi si ya bodi. Ndi ya bungwe la makolo, ndipo bodi timaisankha ndife. Gawo 6 la malamulo a bungwelo likuti mamembala makumi anayi akasaina pepala, bodi iyenera kuitanitsa msonkhano wa makolo onse pasanathe masiku khumi ndi anayi, ndipo nkhani yolembedwa pa pepalapo ikambidwe n'kuvoteredwa. Chiyambire sukuluyi palibe analigwiritsapo ntchito gawo limeneli. Lero ndi pa 18. Masiku khumi ndi anayi akutha Lolemba pa 1 Epulo. Tessa ayenera kukhala m'kalasi Lachiwiri pa 2. Werengani nokha. Mayinawo akapanda kukwana lero, mawa n'kuchedwa.

Pali amene anene kuti pamaliro si pochitira zoterezi. Inenso ndinaganiza choncho. Ndinafunsa abusa, anati ayambe apemphera. Ndinafunsa Mayi Wiersma, anati ndiwapatse cholembera. Dzina loyamba pa pepalapo ndi lawo. Lachiwiri ndi langa, lachitatu la amuna anga. Atsala 37.

Sindikukupemphani kuti muvomereze bilu 31. Ambiri mukuitsutsa. Ena mwandiuza pamaso, ndipo ndikukulemekezani. Ena mwauza anzanga kusitolo, ndipo zandipeza. Kusaina pepalalo sikutanthauza kuti mwagwirizana nayo. Kukutanthauza kuti mudzabwera m'holo, mudzaimirira, mudzatchula dzina lanu, n'kunena maganizo anu anthu akumva, kenako tidzawerenga manja. Ana anu 15 anaitsutsa mwa njira imeneyo, ine ndikulemba, ndipo sindinadane ndi mmodzi yemwe. Mukadzaikana pa mavoti, ndidzalemba kuti yakanidwa, ndidzapita kunyumba kukauza mwana wanga, ndipo tidzaona pogwira. Chimene sindingathe n'kumuuza kuti akuluakulu anaopa ngakhale kuiwerenga.

Tikachoka kumanda kuli khofi ndi mabanzi m'chipinda chapansi. Pa tebulo la pakhomo pali buku la chipepeso. Pambali pake pali pepalalo, ndipo bilu yosainidwa ndi malemu ndaimata pamwamba kuti aliyense awerenge asanalembe dzina. Ndi mizere isanu ndi umodzi yokha. Ine sindikaima pamenepo kuona amene akusaina ndi amene akudutsa. Ndikakhala kukhitchini, makapu ndi ambiri. Pofika 4 koloko ndikatenga pepalalo mmene lilili n'kukalipereka m'manja mwa Bambo Kooima.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Marlys Wiersma. Asiya ana atatu: Kristin ndi amuna ake a Brent Hulstein, Derek ndi akazi ake a Leah, ndi Joel. Asiya zidzukulu zisanu ndi zitatu, ziwiri mwa izo zili pa sukulu yathu. Asiya mchimwene wawo a Arlan, amene anatenga famu ija, ndi azichemwali awiri, a Wilma ndi a Joyce. Makolo awo ndi mng'ono wawo a Dennis anatsogola. Asiyanso ana a sukulu oposa chikwi chimodzi amene anadutsa m'Nyumba yawo, ndipo ambiri mwa iwo ndinu mwadzaza mabenchi ano, mamembala a bungwe la makolo tsopano.

Mbali yawo anaigwira mpaka pamene miyendo inakana. Yotsalayi ndi yathu. Bambo Loren Gerrit Wiersma apumule mu mtendere.